Tsiku Limene Nangondo Anatchenera Nyanja

Nangondo analota basi ikuthamanga, mutu utatsamira zenera, pa ulendo wa ku Dar es Salaam, kumene amalonda amangoti ku Dar. Mayi ameneyu ali ndi okala ya nsalu mumsika wa Lilongwe, ndipo msewu wa ku Dar anauyenda mpaka kuuloweza. Koma mutamufunsa kuti mzindawo ngooneka bwanji, angakuuzeni za ngalande ndi miyendo ya anthu basi. Nanga akanaona chiyani? Kutsika basi, kulowa m'sitolo, kukangana mtengo, kumanga zikwama zazikulu zamizeremizere zija, n'kukweranso. Nyanja yamchere imene anthu amati ili pafupi pomwepo, iye ankangoimva fungo.

Kavalidwe kake ka paulendo ndiye musanene. Chitenje chofwifwa, duku lakuda, malaya a amuna ake ong'ambika m'khwapa, masilipasi osiyana mitundu. Si umphawi ayi, ndi lamulo la ntchito: wokaoda katundu azioneka ngati wopempha, kuti akuba amudutse ndipo eni sitolo asamukwezere mtengo. Anamuphunzitsa zimenezi ndi Abiti Twaibu, mayi a ku Mangochi amene anamugwira dzanja pa ulendo wake woyamba. Ankati maso pansi, chikwama pamimba, osatchena. Abitiwo anamwalira dzinja lapitali.

M'malotomo basi inakhota n'kulowa m'chipinda chake chogona ku Kawale, osagunda ngakhale chitseko. Inaima bwinobwino pakati pa bedi ndi wadiropu, ndipo Nangondo anatsika. Pabedipo panali Abiti Twaibu, atayala bulangete, akusita diresi lachikasu ndi simbi ya makala.

"Abiti, si inu munatisiya?"

"Ndinakusiyani ndithu, achemwali. Koma ndabwera kudzasita."

Diresilo Nangondo analidziwa. Analigula kalekale ku Dar komweko, nsalu yopepuka yolowa mphepo, n'kunena kuti adzavala tsiku lina. Kuyambira pamenepo linkagona pansi penipeni pa sutukesi. Tsopano linadzutsa mkono umodzi pansi pa simbiyo n'kulankhula mwaulemu.

"Mayi, ndatopa n'kupindidwa. Tsiku lina lija ndi lero."

"Lamulo lija ndinakuphunzitsani ndabwera kudzalimasula," anatero Abiti, akuuzira makala. "Zovala zanga zabwino azilamu anga anagawana zisanaonepo dzuwa. Ndinayenda ku Dar mpaka mawondo kutha, koma nyanja sindinaione. Kumene ndiliko akandifunsa chimene ndinaona padziko, ndimati mashelefu. Amandiseka, achemwali. Inu musadzasekedwe. Tchenani, mukaone nyanja lero."

Mtima wa Nangondo unadumpha. Nyanja! Zaka zonsezi ankaifuna mwakachetechete, osauza munthu, poopa kuti anzake anganene kuti wayamba matama.

"Koma mverani," anapitiriza Abiti. "Mzinda umenewu umaonetsa nyanja kwa alendo okha. Wamalonda umamubisira. Ndiye lero musafunse mtengo wa chinthu chilichonse. Mukafunsa, mzinda ukuzindikirani n'kukulandani chovala chimodzi. Diresi likapita, kwatha, basi ikutengani."

Nangondo anaseka mpaka kugwira wadiropu. "Kungotero? Tsiku limodzi lokhali osafunsa mtengo? Abiti, mukundiyesa mwana."

"Madzi saiwala khwawa, achemwali. Kwezani manja."

Koma inu, kutchena kwake tsiku limenelo! Diresi linatsika lokha m'thupi, lozizira ngati madzi a mumtsuko, n'kudzikoka m'chiuno pamene pafunika. Nangondo anafuna kuvala juzi pamwamba, mwa chizolowezi, koma Abiti anamumenya dzanja, ati kumeneko dzuwa limawotcha ngakhale mthunzi. Pansi pa bedi panatuluka nsapato zazingwe zagolide, zikuyenda zokha motsatana. "Musaope, mayi, ife si gogoda," zinatero. "Ndife zoyendera tsiku lonse." Kenako chipewa choyera, chotambalala ngati lichero, chinatsika kudenga n'kukhala pamutu chopendekeka pang'ono, mwamatama. Magalasi a dzuwa anakwera okha pamphuno. Abiti anamuveka ndolo, kumupaka zofiira pamilomo, n'kumuwaza mafuta onunkhira kuseri kwa makutu.

Atatembenuka, galasi la pa wadiropu linawerama ngati mkamwini. Nangondo anadziyang'ana, kukamwa yasa. Anapotoloka uku, anapotoloka uko, n'kuimba nthungululu yekha.

"Mayo ine! Kodi ndine wokongola chonchi? Nanga bwanji simunandiuze?"

"Tinalibe nthawi," anatero Abiti.

Nangondo anatambasula dzanja kuti atenge chikwama, koma Abiti anachikhalira. "Mlendo amayenda akugwedeza manja. Pitani." Nangondo anatsegula chitseko cha wadiropu, ndipo m'katimo munali msewu, dzuwa lili phwee.

Kutentha kunamulandira ngati wayandikira uvuni wa buledi, koma diresi linkaitana kamphepo kakekake. Anayenda pang'ono maso ali pansi, monga mwa masiku onse. Chipewa chinamukoka tsitsi. "Kumwamba, mayi." Nangondo anadzutsa mutu, khosi n'kulira kuti khotcho, poti linali lisanapindikepo chotero mumzinda umenewu.

Abale inu! Kodi nyumbazi zili ndi kumwamba? Iye ankadziwa makomo okha. Tsopano anaona nyumba yapinki itasenza yobiriwira, yobiriwira itasenza yabuluu, ndipo pamwamba pa zonse panali ina yofiira, makonde ake atadzaza maluwa. Akaphethira, nyumbazo zinkasinthana utoto. Mitengo ya kokonati inkayenda m'mbali mwa msewu pang'onopang'ono, ikunyamulira anthu mthunzi. Njinga zamoto zamatayala atatu zinkadutsa pakhoma, zina padenga, oyendetsa akuvula zipewa kumulonjera. Panali mzikiti woyera mbee umene nsanja yake inali kupesa mtambo. Nangondo anaseka, anaomba m'manja, anazungulira pakati pa msewu diresi likuuluka, ndipo magalimoto anaima kumudikira kuti amalize.

Pakhomo pa sitolo ina panaima Hamisi, mwamuna amene Nangondo amagulako nsalu nthawi zonse. Bambo ameneyu sanamupatsepo mpando chiyambire, amangomuloza katundu ndi chibwano. Lero anathamanga ndi mpando pamutu, akulankhula Chichewa chosalala cha paguwa.

"Takulandirani, dona. Kodi mwachokera dziko liti?"

"Ku Kawale."

"Dziko lotchuka kwambiri. Khalani, mumwe madzi a kokonati."

Nangondo anakhala, mwendo pamwamba pa unzake, chinthu chimene sanachitepo pagulu. Anamwa, ndipo madziwo ankatsika akuimba. M'mimba mwake munali chikhakhali chofuna kutuluka. Hamisi! Hamisi yemweyu kundikupiza ndi nyuzipepala! Anafunsa njira ya kunyanja, ndipo Hamisi analoza ndi dzanja lonse, mwaulemu.

"Tsatirani msewu umene ukutsetsereka, dona. Kumapeto kwake kuli chipata chabuluu."

Ananyamuka, nsapato zikuwala. Msewu unali kutsetsereka ndithu, ndipo unkamuthandiza kuyenda. Koma pa zenera la nyumba ina yapinki panali katani yamaluwa asiliva, ikuuluka kunja. Inamukhudza patsaya. Nangondo sanaganize kanthu. Zala ziwiri zinapita zokha, chachikulu ndi cholozera, n'kuitikita nsaluyo monga zimachitira tsiku ndi tsiku. Inali nsalu yolemera bwino, yosachoka utoto. Mayi wina anasuzumira pazenerapo akumwetulira.

"Yadi zingati, mayi?"

Mawuwo anatuluka okha, ngati ntchofu ikatuluka poyetsemula. Mzinda wonse unati zii. Chipewa chinadzuka pamutu, n'kunena kuti, "Tsalani bwino, mayi," ndipo chinauluka kupita kuseri kwa madenga. Nangondo atagwira kumutu anapeza duku lakuda lija, lomangidwa kale. Kumbuyo kwake kunamveka kukhwekhwereza. Chikwama chachikulu chamizeremizere chinali kumutsatira, zipi ili yasa.

"Choka!" anatero Nangondo. Chikwamacho chinaima, n'kuyambanso kumutsatira iye atangoyenda.

Anadzitukwana yekha. Iwe Nangondo, pakamwa pako mpotani? Koma anadzilimbitsa mtima: chipewa n'chiyani, diresi lilipo, nsapato zilipo. Anapinda manja n'kubisa zala m'khwapa, ngakhale kunali kotentha chotero.

Mzinda unayambanso phokoso lake, ndipo unachita kuwonjeza. Anadutsa pamsika wa zipatso pamene mananazi ankadzisenda okha n'kudzipereka kwa odutsa. Anadya, madzi akutsika m'chigongono, osafunsa kanthu, n'kudzitama kuti waona, ndikutha. Anadutsa pabwalo pamene akasupe ankaponya madzi obiriwira ndi ofiira, ana akusambamo n'kutuluka atasintha mtundu. Wojambula wina anagwada pamaso pake. "Dona, chonde imani pafupi ndi khoma lachikasulo. Lakhala likudikira diresi lofanana nalo." Nangondo anaima, dzanja m'chiuno, chibwano m'mwamba, ndipo khomalo linamuthokoza.

Kenako kunabwera ukwati. Ng'oma, malipenga, amayi ovala zonyezimira akuvina mumsewu wonse, n'kumukokera pakati. Nangondo ndi kuvina ndi pachibale, musamuone kufwifwa paulendo. Anatulutsa manja m'khwapa, anathyola chiuno, amayiwo n'kumuimbira nthungululu. Pothyola chiunopo maso anagwa pansi, ndipo anaona kuti operekeza mkwatibwi onse avala nsapato zofanana, zamikanda yobiriwira. Zoterezi ku Lilongwe zingathe tsiku limodzi, nyengo ya maukwati ino. Anamugwira mkono mtsikana wovina naye.

"Achemwali, zimenezi pa dazeni amachita bwanji?"

Ng'oma zinaleka. Nsapato zagolide zinamasula zingwe zake mwaulemu, n'kuchoka motsatana osacheuka. Kumapazi kunali masilipasi aja, lina lobiriwira lina lofiira. Chikwama chachiwiri chinatuluka m'ngalande n'kuima pambali pa chinzake. Chapatali, kumtunda kwa msewu, hutala ya basi inalira.

Apa Nangondo anachita mantha enieni. Anayamba kuyenda mothamanga, masilipasi akuti phya phya phya, zikwama zikudumpha pambuyo ngati mbuzi zoona mwini wake atanyamula madeya. Analuma mlomo wam'munsi kuti pakamwa pasatseguke. M'mbali monse munali zinthu zokongola, ndipo zinkachita dala. Mipango inkamukodola, mabulangete ankadzitambasula, zikwama zam'manja zinkamutsinzinira. Iye anangopitirira. Pakona pomaliza panapachikidwa leisi yoyera, yoluka bwino kwambiri, ndipo Nangondo anangoiyang'ana kamodzi n'kudutsa.

Magalasi anatsika pamphuno.

"Aa! Koma sindinanene kanthu!"

"Mwafunsa ndi maso, mayi," anatero magalasiwo, n'kupinda miyendo yake. Ndolo nazo zinapita nawo limodzi.

Chinatsala ndi diresi lokha. Linamugwira thupi molimba, likunjenjemera. "Mayi, ine sindikufuna kubwerera m'sutukesi," linanong'ona. Nangondo analisisita pamimba n'kulilonjeza kuti silibwerera. Msewu unapanikiza, makoma akumukhudza m'mapewa, hutala ikuyandikira. Fungo la mchere lija linakula mpaka kulimva palilime. Ndipo patsogolo pake panaoneka chipata chabuluu, chotsegula.

Analowa, n'kuima chilili.

Nyanja inali nsalu. Inali nsalu yabuluu yopanda polekezera, yochokera kumene thambo limathera, ndipo amuna ovala zoyera ankaifunyulula pampukutu waukulu kuposa phiri. Pafupi inali yobiriwira, pakati yabuluu, kutali yakuda bii, yonse ikunyezimira. M'mphepete mwake munali leisi yoyera imene inkabwera pamchenga n'kubwerera, kubwera n'kubwerera. Zombo zinkayenda pamwamba pake osaikwinya. Nangondo anagwira pachifuwa. Misozi inatsika, osati yachisoni ayi, koma ya munthu amene wapeza kuti chimene ankachilakalaka n'chachikulu kuposa mmene ankaganizira.

Pamchengapo panali tebulo, ndipo kuseri kwake kunaima nkhalamba yaitali, tepi yoyezera ili m'khosi, sizasi ili m'manja.

"Mwafika, dona. Funsani."

Zala ziwiri zija zinayamba kuyabwa. M'mutu mwake munadzaza anthu: amayi a kwaya, operekeza akwati, masukulu ofuna yunifolomu, Lilongwe yense atavala nyanja. Funso linakwera kuchokera m'mimba, linafika pakhosi, linagogoda kuseri kwa mano. Nangondo analimeza. Linakweranso, analimezanso, maso ali tong'o, thukuta lili kamukamu. Basi inaima kunja kwa chipata, injini ikulira, zikwama zitandanda pakhomo.

"Funsani, dona," inateronso nkhalambayo.

Nangondo anapuma mwamphamvu. "Bambo, kodi ndi yozizira?"

Nkhalambayo inaika sizasi pansi. Inamuyang'ana n'kumwetulira. "Funso la mlendo limenelo. Pitani mukaponde nokha."

Pomwepo nsalu ija inayamba kusanduka madzi, kuyambira kutali, kubwera, kubwera, mkokomo wake ukukula. Nangondo anakuwa ndi chimwemwe. Anataya masilipasi, anakweza diresi mpaka m'mawondo, n'kuthamanga pamchenga wotentha akuseka ngati mtsikana. Wapambana! Leisi ija inali itasanduka thovu, ndipo thovulo linkathamanga kudzakumana naye. Panatsala phazi limodzi.

Kumbuyo kwake nkhalamba ija inalankhula motsitsa, ngati ikudzilankhulira yokha.

"Komabe, kwa munthu ngati inu, ndikanachotserako."

"Mpaka zingati?"

Ogo! Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Nangondo anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, koma mawu anali atapita kale. Thovu linaima chala chimodzi kuchokera kuphazi lake, n'kuuma kukhalanso leisi. Amuna ovala zoyera anatembenuza mpukutu, n'kuyamba kuikulunga nyanja, zombo ndi zonse, mofulumira ngati mvula yayamba pamsika. Pansi pake panalibe kanthu koma simenti. Diresi linamasuka m'mapewa. Silinakalipe. Linangoti, "Ndidzipinda ndekha, mayi, ndazolowera," ndipo mawu amenewo anamupweteka Nangondo kuposa kutukwanidwa.

"Mayi! Mayi, tafika. Tsikani."

Anali kondakitala wa basi, akumugwedeza phewa. Kunja kunali kutacha, kutentha kutayamba kale. Amalonda anzake anali pikitipikiti kumanga zitenje, kukokera maduku kumaso, kutulutsa zikwama zopinda pansi pa mipando. Nasibeko, mnzake wokhala naye mpando umodzi, anamugunda ndi chigongono.

"Fulumira iwe, kwa Hamisi anzathu atitsogolera. Ukulira chiyani?"

Nangondo anadzigwira kumaso, ndipo kunali konyowadi. Anadziyang'ana: malaya ong'ambika m'khwapa, chitenje chofwifwa, masilipasi. Diresi lachikasu linali kutali, ku Kawale, pansi pa sutukesi. Mtima unali kugundabe ngati akuthamanga pamchenga paja.

"Achimwene," anaitana kondakitala, "kodi nyanja ili mbali iti?"

Kondakitalayo anakanda mutu. Anafunsa dalaivala, dalaivala analoza kumanzere, kenako kumanja, kenako anati iye amangodziwa pomwetsera mafuta ndi pogona. Anthu oyenda msewu umenewu sabata ndi sabata! Nasibeko anaseka mpaka kutsokomola.

"Nyanja ukaoda? Wapenga kodi?"

"Mwina."

Nangondo anatsika. Pomwepo, pakati pa anthu, anavula duku n'kupesa tsitsi ndi zala. Anamasula chitenje, n'kuchitembenuza mbali imene dzuwa linali lisanadye, ndipo maluwa ake anaonekanso ofiira. Anachimanga pamwamba, mfundo pambali, monga amamangira popita ku ukwati. Malaya aja anawapinda manja n'kuwamanga m'chiuno kuti kung'ambika kubisike. Zikwama zake anamupatsa Nasibeko.

"Undisungire. Ndikupeza madzulo."

"Nanga nsalu zabwino zikatha?"

"Zithe."

Anadzutsa mutu, ndipo nyumba zinalidi ndi kumwamba. Ananunkhiza mphepo, n'kutembenukira kumene kunkachokera mchere. Anzake onse analowera kumanja, maso pansi. Nangondo analowera kumanzere yekha, akugwedeza manja.